MPIRA NDI SUKULU: NKHANI YA ANYAMATA A KU KAFUE

Mzinda wa Kafue, umene uli pa mtunda wa makilomita opitirira 40 kumwera kwa Lusaka, unayamba kuchuka cifukwa ca mtsinje wake, njanji ndi mafakitale. M'caka ca 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito, ndipo pambali pake panali ya nsalu ya Kafue Textiles. Anchito a m'mafakitalewa anali kukonda mpira, kotero kuti panabadwa matimu monga Nitrogen Stars. Pamene mafakitale anafooka, mpira unatsala m'mabwalo a fumbi, ndipo m'mabwalo omwewo munatuluka anyamata amene anamveketsa dzina la Kafue kutsidya kwa nyanja.

Komabe makolo ambiri, m'tauni ndi m'midzi momwe, ali ndi funso limodzi: kodi mpira suononga maphunziro a mwana? Funsoli ndi lakale zedi, pakuti linafunsidwanso pamene ophunzira a m'makoleji anayamba kupikisana pa mpira.

CAKA CA MASEWERA AWIRI

Pa 6 Novembala 1869, mu mzinda wa New Brunswick m'dziko la America, ophunzira a koleji ya Rutgers analandira anzao a ku Princeton. Awa ndiwo amawerengedwa kukhala masewera oyamba a mpira pakati pa makoleji m'dzikolo. Mbali iri yonse inali ndi anyamata 25. Mpira unali wobulungira, ndipo kuthamanga nao m'manja kunali koletsedwa. Anali kuumenya ndi phazi kapena kuukankha ndi dzanja. A Rutgers anamanga nsalu zofiira kumutu kuti adziwane, napambana ndi zigoli 6 kwa 4.

Patapita sabata imodzi, pa 13 Novembala, anakumananso kwao kwa a Princeton. Tsiku limenelo anatsata malamulo a eni bwalo, ndipo a Princeton anabwezera ndi zigoli 8 kwa 0. Panayenera kukhala masewera acitatu oti asonyeze katswiri weniweni, koma sanacitike. Mbiri imati akuluakulu a makolejiwo anadandaula kuti mpira ukudya nthawi ya mabuku. Motero caka conse cinatha ndi masewera awiri okha, timu iri yonse itapambana kamodzi.

M'zaka zotsatira malamulo anasintha, ndipo masewerawo anasanduka ena, ogwirana ndi ogwetsana, osiyana ndi mpira wa miyendo wodziwika muno. Nkhanza zinakula kotero kuti m'caka ca 1905 osewera osacepera 18 anamwalira. Mtsogoleri wa dzikolo, Theodore Roosevelt, anaitana akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton nawauza kuti akonze zinthu. Masewerawo sanathetsedwe ai, koma anawaikira malamulo oteteza moyo wa ophunzira.

MAPHUNZIRO NDI MPIRA PA KAFUE

Dera la Kafue linadziwika ndi sukulu mafakitale asanabwere. M'caka ca 1918 a mpingo wa Primitive Methodist, motsogozedwa ndi M'busa John Fell, anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute, imene inadzakhala Kafue Boys Secondary School. Mmodzi wa amene anaphunzira kumeneko ndi malemu Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake anatsogolera cipani ca African National Congress. Conco anthu a ku Kafue amadziwa phindu la sukulu ndi la mpira lomwe.

Phindu la mpira linaonekera poyera m'caka ca 2017. Timu ya dziko ya anyamata a zaka zosapitirira 20, yophunzitsidwa ndi a Beston Chambeshi, inali ndi Patson Daka ndi Enock Mwepu, onse awiri odzera m'timu ya Kafue Celtic. Daka anakulira ku Kafue komweko, ndipo atate ake anasewerapo mu Nitrogen Stars. Mpikisano wa maiko a mu Africa wa msinkhu umenewo unacitikira muno m'Zambia, ndipo anyamatawo anapambana masewera ao onse asanu. Pa 12 Malici, pa bwalo la National Heroes mu Lusaka, anagonjetsa Senegal 2 kwa 0 natenga cikho. Daka anamwetsa cigoli cimodzi tsikulo, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu mpikisanowo.

Caka comweco anapita ku South Korea ku mpikisano wa dziko lonse lapansi. Anagonjetsa Portugal 2 kwa 1, ndi Iran 4 kwa 2 ngakhale anali atayamba kumwetsedwa zigoli ziwiri. Anacotsanso Germany 4 kwa 3, koma anagwa m'manja mwa Italy 3 kwa 2 patatsala matimu 8 okha. Pambuyo pake Daka ndi Mwepu anasewerera Red Bull Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 analowa ku England, Daka ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Pa 20 Okutobala 2021 Daka anamwetsa yekha zigoli 4 ku Moscow polimbana ndi Spartak.

MPIRA ULI NDI MALIRE

Koma pa 10 Okutobala 2022 dziko linamva nkhani yacisoni. Mwepu, ali ndi zaka 24 zokha, analeka mpira madokotala atapeza kuti ali ndi matenda a mtima a kumtundu, amene akanatha kumupha m'bwalo. Moyo wake unapulumuka cifukwa anapimidwa bwino, ndipo a Brighton anampatsa nchito yophunzitsa ana. Ambiri amene amapweteka bondo m'mabwalo a kumidzi sapeza mwai wotere. Ndiponso pa anyamata zikwizikwi amene amathamangitsa cimpombwa madzulo, owerengeka okha ndiwo adzadyere mpira.

Pamenepa pali mau kwa makolo ndi aphunzitsi. Kuletseratu mwana mpira ndiko kukwirira mphatso imene ingathandize banja ndi dziko. Kumulekerera kuti athawe m'kalasi ndiko kumusiya manja ali zii tsiku limene miyendo idzatopa. Mwana asewere ataweruka ndiponso atatha nchito ya kusukulu. Amene amamva kupweteka m'cifuwa, cizungulire kapena kukomoka pothamanga, aleke msanga ndipo apite naye ku cipatala. Munthu wobwera ndi malonjezo otengera mwana kunja asapatsidwe ndalama kapena mapepala makolo asanafunse a bungwe la Football Association of Zambia.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene wazolowera kusunga nthawi ya buku ndi nthawi ya bwalo akali wamng'ono, adzakhala ndi pogwira kaya mpira umuyendere kaya umukane.