Si dontho lililonse lowala pa chithunzi cha ubongo limene limanena zoona

Mwana wa ku Chinyunyu akamagwa khunyu kapena akakomoka ndi malungo a muubongo, ulendo wofuna thandizo umatha kukafika ku Lusaka kudzera mumsewu wa Great East, kumene kuli makina a MRI ojambula mkati mwa mutu. Dokotala amaona chithunzi cha mwana mmodziyo ndi maso ake. Koma nzeru zimene amagwiritsa ntchito zimachokera ku kafukufuku wa anthu ambiri, ndipo kumeneko kuli msampha umene tonse tiyenera kuudziwa.

Ofufuza akamayerekeza ubongo wa odwala ndi wa anthu athanzi, kompyuta imagawa ubongo m'timabokosi ting'onoting'ono totchedwa voxel, tomwe timatha kukwana 100,000. Pa kabokosi kalikonse imafunsa ngati magulu awiriwo akusiyana. Mwachizolowezi, asayansi amalola kuti mayeso 5 pa 100 alionse aonetse kusiyana kongochitika mwamwayi. Pa funso limodzi zimenezi sizivuta. Koma pa mafunso 100,000, timabokosi pafupifupi 5,000 tikhoza kuwala ngakhale palibe matenda alionse.

Mu 2009 Craig Bennett ndi anzake ku America anaonetsa poyera kuopsa kwa zimenezi. Anaika nsomba yakufa ya mtundu wa salmon m'makina a MRI, n'kumaionetsa zithunzi za anthu. Atawerengetsa popanda kukonza masamu poganizira kuchuluka kwa mafunso, madontho angapo anawala ngati kuti nsombayo ikuganiza. Atawakonza, onse anazimiririka.

Njira yakale yokonzera, yotchedwa ndi dzina la katswiri wa ku Italy Carlo Bonferroni, imakhwimitsa muyeso malinga ndi kuchuluka kwa mafunso kuti pasalowe bodza ngakhale limodzi. Vuto lake n'lakuti imataya ndi zoona zomwe. Zili ngati mayi wosankha mtedza amene, poopa njere imodzi yowola, amataya theka la thumba.

Mu 1995 Yoav Benjamini ndi Yosef Hochberg a ku yunivesite ya Tel Aviv anabweretsa njira ina, ya False Discovery Rate. Funso lawo linali lakuti: mwa zonse zimene tikuti tazipeza, zabodza zingakhale zingati? Zotsatira zimaikidwa pamzere, kuyambira yaumboni wamphamvu mpaka yofooka, ndipo muyeso umafewa pang'onopang'ono potsika mzerewo. Wofufuza akasankha mlingo wa 5 pa 100, ndiye kuti mwa timabokosi 200 towala, tabodza tiyembekezeka kusapitirira 10. Mu 2002 Christopher Genovese, Nicole Lazar ndi Thomas Nichols anasonyeza momwe njirayi ingagwirire ntchito pa zithunzi za ubongo, ndipo inafala kwambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa kafukufuku wa ubongo akuchitika m'chigawo chathu chino cha Africa. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ana 168 odwala malungo a muubongo. Mu 2015 analengeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pomwe mwa ana 143 opulumuka, otupa chotero anali 39. Umboni woonekeratu ngati umenewu umatsogolera madokotala kofunafuna mankhwala. Umboni wongotola mwamwayi umawononga ndalama zochepa zimene tili nazo, n'kuchedwetsa thandizo la mwana wodwala.

Choncho ophunzira zachipatala, atolankhani ndi inu makolo, mukamva kuti asayansi apeza mbali ya ubongo yoyambitsa vuto linalake, funsani kuti anajambula anthu angati, ngati anakonza masamu awo poganizira kuchuluka kwa mafunso, komanso ngati ofufuza ena anapezanso zomwezo. Ndipo mwana akakomoka kapena kugwa khunyu, musachedwe kunyumba: thamangirani naye kuchipatala chapafupi.