Ntchito ya mafuta ili pa M1, kulibe chitsime

Pa WhatsApp pamayenda uthenga wakuti kunja kukufunika madalaivala a mathiraki ku zitsime za mafuta, malipiro ndi madola, ofuna atumize ndalama ya fomu. Uthengawu umafika pa Mitundu ndi pa Nathenje, ndipo umagwira mtima wa mnyamata amene watopa ndi kunyamula soya pa lole ya eni. Ine ntchito yanga ndi kusankha ndi kuphunzitsa oyendetsa mathankala, choncho ndinene poyera: Malawi alibe chitsime cha mafuta. Boma linagawa dera la nyanja ndi madera ena m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 2011 linapatsa kampani ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza. Pambuyo pake anabwera a SacOil ndi a RAK Gas, koma mpaka lero palibe dontho limene lapopedwa n'kugulitsidwa. Kumene ntchitoyi ilikodi, makomo ake ndi opapatiza. Ku Uganda, komwe akuyala paipi ya makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima kukafika ku Tanga, malamulo adasungira makampani a m'dzikomo ntchito ya zamtengatenga. Ku Cabo Delgado, TotalEnergies inaimitsa ntchito ya gasi mu 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa fomu.

Ntchito ya mafuta imene Mmalawi angaipeze imadutsa pakhomo pa anthu a Nathenje tsiku lililonse. Petulo ndi dizilo zathu zimatsika pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Oitanitsa aakulu ndi NOCMA ndi Petroleum Importers Limited, ndipo MERA ndiyo imapereka zilolezo kwa onyamula. Thankala yochokera ku Beira imadzera ku Tete, n'kulowa pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza, n'kutsata M1 mpaka ku Kanengo, komwe kuli nkhokwe imodzi mwa zitatu za NOCMA. Zinazo zili ku Matindi ndi ku Sonda, ndipo zonse pamodzi zimasunga malita 60 miliyoni. Funso ndi lakuti munthu amakwera bwanji m'thankalayo, ndipo yankho langa ndi limene ambiri safuna kumva. Laisensi ya CE, imene ena adakaitchulabe EC, chiphaso cha PrDP chololeza katundu woopsa, pasipoti ndi kalata ya kupolisi zimangokufikitsa pageti. Chimene mwini thankala amagula ndi mbiri yotheka kuifufuza.

Chifukwa chake chili m'katunduyo. Matumba a chimanga ukawamanga amakhala pamene wawaika, koma malita opitirira 30,000 amayenda m'kati mwa thanki. Aliyense amene adasenzapo ndowa yosadzaza amadziwa kuti madzi ndiwo amakukankha ukaima mwadzidzidzi. Thanki imagawidwa zipinda kuti funde lichepe, komabe dalaivala wokhota mothamanga pa mapiri a Chiweta kapena wotsika Dedza akudalira mabuleki okha amagubuduza galimoto imene matayala ake onse ali bwino. Kenako pali nthunzi ya petulo, imene imayaka ndi kamoto kosaoneka n'komwe. N'chifukwa chake thankala imalumikizidwa ndi waya wopita pansi isanayambe kuthira kapena kutsitsa. Ndiye pali masamu. Petulo amafufuma kukatentha ndipo amanyala kukazizira, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 aliwonse pa digiri imodzi. Katundu wothiridwa pa dzuwa la ku Beira akafika kuno m'mawa wa June akhoza kuoneka woperewera ndi malita mazana angapo popanda wakuba, ndipo pa depoti amayeza kutentha kuti awerengere bwino. Dalaivala wosamvetsa zimenezi amasaina pepala lomudulitsa malipiro, pomwe womvetsa koma wa mtima wakuba amabisalira m'masamu omwewa. Maloko a pa thanki ndi makina olondola galimoto amathandiza, koma usiku wa ku Changara, pa njira ya ku Beira, mwini galimoto kulibe.

Zimene zimachitika chikhulupiriro chikasweka tonse tidaziona mu November 2016 pa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete. Thankala yobwera ku Malawi inapatutsidwa pamsewu kuti mafuta agulitsidwe, anthu a m'mudzi anakhamukirako ndi zigubu, moto unabuka, ndipo anafa anthu oposa 70. Kampani iliyonse yonyamula mafuta imalemba ntchito ikukumbukira zotere.

Wina anena kuti zonsezi ndi nkhambakamwa, ntchito imapita kwa mphwake wa bwana. Kukondera kulipo, sindingakane. Koma taonani chimene bwanayo amapeza mwa mphwake: munthu amene akudziwa kwawo, khalidwe lake ndi womufunsa zinthu zikasokonekera. Mlendo akhoza kubweretsa zomwezo pa pepala. Vuto la anyamata ambiri a kuno ndi lakuti ayendetsa zaka zambiri osasiya phazi. Anyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, mtedza ndi soya kuchokera pa msika wa Mitundu, njerwa ndi mchenga, koma malipiro ndi a pamanja, palibe kalata, ndipo mwini lole sakumbukira chaka chimene anayamba. Apa ndi pamene dandaulo lina, lakuti amafuna wodziwa kale ntchito pomwe sakupatsa poyambira, limapeza yankho. Poyambira palipo, kungoti ndi pa katundu wouma: lole ya matani khumi, kenako thiraki ya ngolo, kenako maulendo odutsa malire ndi feteleza kapena simenti, ndipo paliponse munthu achoke ndi kalata yokhala ndi masiku ndi nambala ya foni yoti ikaimbidwa iyankhidwe. Njira yachidule ya madobadoba a ku Road Traffic imathera pa mayeso a pabwalo la kampani, pomwe amakuuza kuti ubweze ngolo chambuyo pakati pa migolo iwiri.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi lakuti ngakhale munthu atakonzeka chotere, mipando ndi yochepa. Izi n'zoona. Mathankala ambiri ochokera ku Dar es Salaam ndi a ku Tanzania, ndipo eni magalimoto a kuno akhala akudandaula za gawo lawo. Ndalama zakunja zikasowa, monga zakhalira kuyambira 2022, mathankala amagona pa doko masabata, alawansi ya dalaivala n'kuthera pa chakudya. Mu 2024 sitima ya pamtunda inayambanso kubweretsa mafuta ku Lilongwe kuchokera ku Nacala, ndipo sitima imodzi imalowa m'malo mwa mathankala ambirimbiri. Madalaivala a mathiraki adanyanyalapo ntchito kangapo pa nkhani ya malipiro, ndiye pasakhale wonamiza mwana kuti uku ndi kolemerera. Komabe njanji sifika pa filing'i sitesheni ya pa Mitundu. Mafuta akatsika ku Kanengo amafunikabe thankala yowagawa m'maboma, ndipo ethanol wosakaniza ndi petulo amachoka ku Dwangwa ndi ku Chikwawa pa msewu. Maulendo a m'dziko muno amenewa safuna pasipoti, ndipo ndi kumene kampani imayamba kumuyesera dalaivala watsopano isanamupatse makiyi a ku Beira.