Musanatumize Mwana ku Lilongwe

Aliyense wotsika basi pa depoti ya Lilongwe amawaona: ana ovala nsanza, ena osakwana zaka 10, akupempha pa msewu wa Malangalanga, pakhomo pa msika ndi pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Anthu amawatchula ana masikini. Masana amapempha ndi kunyamula katundu. Kukada, ena amatsomphola zikwama ndi mafoni.

Koma mwana wotsomphola chikwamayo kawirikawiri sali yekha. Kumbuyo kwake kuli anyamata akuluakulu amene amamulanda zimene wapeza, kumumenya akabwera chimanjamanja, ndi kumuphunzitsa chamba ndi kachasu. Malo ogona kunsi kwa mlatho kapena m'khonde mwa sitolo amalipira kwa iwowo. Tsiku logwidwa, mkwiyo wa anthu umathera pa mwanayo, omutuma atathawa kale.

Umbava ndi umbanda wa mfuti unakula m'zaka za m'ma 1990. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinalowa m'dziko muno mozemba. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, koma si zonse zimene zinapezeka. Anthu a ku Area 10 ndi Area 43 anakweza mipanda ya njerwa, nalemba alonda. Ku City Centre, maofesi akatsekedwa, njira za m'thengo zimakhala zoopsa kwa woyenda pansi, amene nthawi zambiri ndi wantchito wobwerera ku Kawale kapena ku Mchesi.

Mantha asintha moyo wa tsiku ndi tsiku. Amayi ogulitsa malonda amalongedza dzuwa lisanalowe. Makolo ena salola ana kukhalitsa ku madrasa, ndipo ena amaswali Isha kunyumba poopa mdima.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kunyanja. Ana a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amatengedwa ndi achibale kapena anthu owalonjeza sukulu ndi ntchito ya m'nyumba. Malipiro akasowa, kapena akathamangitsidwa, mwana alibe ya basi yobwerera. Ulendo wake umathera pa mlatho paja.

Malamulo a dziko lino amati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu, ndipo amaletsa kugwiritsa ntchito mwana popempha. Pa polisi pali ofesi ya Victim Support, ndipo nambala ya ulere ya 116 imathandiza ana ovutika. Komabe mlonda woyamba ndi kholo.

Makolo anzanga, wina akabwera kudzapempha mwana, funsani: akakhala Area iti, nyumba ya yani, sukulu iti? Lankhulani ndi mwanayo mwini wake kawirikawiri, osati ndi womusunga yekha. Mawu ake akasowa mwezi wathunthu, musadikire Eid. Kwerani basi mukamuone.