Mapaipi a ku Israel sabereka madzi

Sabata yatha pa Phalula, m'mphepete mwa msewu wa M1 paja pamandanda matumba a makala, bambo wina anandiimitsa ndi dandaulo. Mphwawo wangobwera kumene kuchokera ku Israel, komwe anakhala miyezi 11 akuphunzira ndi kugwira ntchito pa famu ali wophunzira wa zaulimi. "Alangizi," anatero bamboyo, "ife timati mwanayu abwera ndi nzeru zosandutsa chipululu kukhala dimba. Koma kukacha ali pa mjigo ndi kope, kuwerenga zigubu za anthu. Anakaphunzira chiyani kumeneko?"

Zinandiwawa, chifukwa mnyamatayo akuchita chinthu choyamba chimene aliyense wofuna kuthirira ayenera kuchita, chimenenso alimi ambiri ngakhale mabungwe ena amachilumpha.

Ntchito yanga ndi ya ulimi wothirira, ndipo palibe mawu amene ndatopa nawo ngati akuti: "Ku Israel kulibe mvula koma amakolola, nanga ife tikulephera bwanji? Tingogula drip basi." Ndimawamva pamaliro, m'minibasi, ngakhale pamisonkhano ya anthu ovala mataye. Drip ndi timapaipi takuda tokhala ndi timabowo todonthezera madzi patsinde pa mbewu. Njirayi inakula ndi Simcha Blass pamodzi ndi kampani ya Netafim, imene inayamba mu 1965 pa Kibbutz Hatzerim m'chipululu cha Negev. Ndi njira yabwino, sindikutsutsa. Pa malita 10 amene mwathira, pafupifupi 9 amafika pamizu, pamene m'ngalande theka likhoza kutayikira m'njira. Koma paipi imangosunga madzi amene muli nawo kale. Siibereka dontho ngakhale limodzi.

Kuchigwa cha Arava, kumene kuli sukulu ya AICAT yolandira ophunzira ochokera ku Africa ndi ku Asia, mvula siifika mamilimita 50 pachaka. Kuno ku Balaka, kumene timalira chilala chaka ndi chaka, timalandira pafupifupi mamilimita 800. Tsabola ndi kanjedza za ku Arava sizimera ndi mphepo ayi. Kumbuyo kwa timapaipi tija kuli zitsime zakuya mamita mazanamazana, magetsi osazimazima, ndi msika wa ku Ulaya wodikira katundu. Dziko la Israel limachotsa mchere m'madzi a m'nyanja, ndipo madzi ambiri otayidwa m'mizinda limawayeretsa n'kuwabwezera kuminda. Zimenezi wophunzira sangazinyamule m'chikwama.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Pali chimene timachitcha evapotranspiration, kutanthauza madzi amene dzuwa limamwa m'nthaka kuphatikiza amene mbewu imatulutsa kudzera m'masamba. M'mwezi wa Okutobala kuno kotentha, tomato wochita maluwa amafuna mamilimita 5 kapena 6 patsiku. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Choncho kadimba ka mamita 20 kwa 25 kakufuna malita 2,500 mpaka 3,000 tsiku lililonse, zigubu za malita 20 zosachepera 125. Mjigo wopopa ndi manja umatha mphindi imodzi kapena kuposerapo kudzaza chigubu chimodzi. Ndiye kuti maola oposa awiri mukupopa osapuma, amayi ali pamzere kudikira madzi akumwa, ng'ombe ndi mbuzi nazo zili pompo. Masamu amenewa ndiwo amanena ngati dimba litheka, ndipo amachitika munthu asanagule paipi.

Kuwerenga kwachiwiri ndi kwa mchere. Mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu. Timawayeza ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera, kamene kamaonetsa EC, muyezo wa kuchuluka kwa mchere m'madzi. Mukathirira ndi drip madzi otere, mchere umaunjikana m'mbali mwa ponyowa paja, n'kuoneka mbuu ngati ufa, masamba n'kuyamba kupsa m'mphepete. Ndaona minda imene timabowo tonse tinatsekeka ndi matope mwezi usanathe chifukwa panalibe sefa, ndi ina imene makoswe anaboola mapaipi pofuna madzi. Mapaipiwo lero akumangira makola a nkhuku, ndipo eni ake amati drip ndi bodza. Bodza si drip, bodza ndi lija anauzidwa kuti paipi payokha ikwanira.

Tsono chimene mwana amabwera nacho kuchokera ku maphunziro a ku Israel ndi khalidwe loyeza. Kumeneko mlimi sathira madzi chifukwa nthaka ikuoneka youma. Amadziwa malita amene mzere uliwonse walandira, feteleza amene wasungunulira m'madzimo, tsiku lobzala, ndi makilogalamu amene atuluka. Wophunzira amene wakhala chaka akulemba zimenezi m'mawa uliwonse sabwerera chimodzimodzi. Kwa ine, khalidwe limeneli ndi lamtengo kuposa greenhouse, ndipo limagwira ntchito ngakhale pa thonje ndi nandolo wodalira mvula. Chilala cha El Niño cha 2024 chitagwa, amene ankadziwa madzi a chitsime chawo ndiwo anadziwa kukula kwa dimba loti alime.

Sindikunena kuti zonse ndi zokoma uko. Masiku ambiri a sabata ndi ntchito yakalavulagaga, kuthyola ndi kulongedza padzuwa loswa mtengo, kalasi n'kukhala tsiku limodzi. Ena amabwera atangophunzira kuthyola tsabola, chifukwa sanafunse mafunso kapena mwini famu analibe nawo nthawi.

Kwa amene akukonzekera ulendo, mawu ochepa, ngakhale mapangano amasiyana ndipo muyenera kufunsa kusukulu kwanu. Siyanitsani ulendo wa maphunziro ndi wa ntchito chabe, monga uja wa achinyamata 221 amene ananyamuka mu Novembala 2023. Werengani pangano musanasaine: pa malipiro adzadulapo zingati za sukulu, nyumba ndi tikiti? Kodi koleji yanu idzawerengera miyeziyo pa digiri kapena dipuloma? Chitupa chanu chimakumangirirani pa famu imene mwapatsidwa, ndipo mu 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kumudzi atapezeka akugwira ntchito kwina. Funsaninso kuti famuyo ili dera liti ndipo pobisalira pali pati. Pa 7 Okutobala 2023 ophunzira zaulimi a ku Tanzania ndi ku Nepal anali m'gulu la anthu amene anaphedwa pafupi ndi Gaza, ndipo makolo ali ndi ufulu wonse wofunsa zimenezi mwana asanakwere ndege.