Chiphaso chili m'thumba, koma mtima uli m'mwamba

Ife a ku Santhe ndife anthu a kumtunda. Madzi amene tinakula nawo ndi a m'dambo, a pachitsime ndi a mtsinje wa Bua, umene umakathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Komatu mwana wobadwira pakati pa minda ya fodya akhoza kukapezeka kunyanja, pa sukulu kapena pa ntchito yolandira alendo ku Nkhata Bay, ku Kande kapena ku Cape Maclear. Kumeneko kuli aphunzitsi a luso losambira pansi pa madzi munthu atabereka silinda ya mpweya kumsana, luso limene pa Chingerezi amati scuba.

Wophunzira akamaliza amalandira chiphaso, ndipo abale amasangalala. Koma likayandikira tsiku loti akalowe m'madzi popanda mphunzitsi pambali pake, tulo timasowa, nsima siilowa, ndipo mumtima mumabwera funso: kodi ndikatha? Ambiri amachita manyazi ndi mantha amenewa poganiza kuti akusonyeza kuti sanaphunzire bwino. Abale ndi alongo, maganizo otere ndi olakwika, ndipo angathe kutayitsa moyo.

Tiyeni tione kaye tanthauzo la chiphasocho. Bungwe la PADI, limene linayamba ku America m'chaka cha 1966, limapereka chiphaso choyamba munthu akaphunzira malamulo, akayeserera pamadzi osaya, ndiponso akalowa pamadzi akuya maulendo 4 ali ndi mphunzitsi. Chiphasocho chimamulola kutsika mpaka mamita 18, ali ndi mnzake. Zonsezi zimatha m'masiku owerengeka. Choncho chiphaso chikungochitira umboni kuti munthuyo wadziwa zoyenera kuchita. Kuzolowera kumabwera pambuyo pake. Mnyamata amene wakula akuthandiza bambo ake kufesa nazale, kusoka fodya ndi kumuyanika m'chigafa amadziwa ntchito yonse, komabe chaka choyamba kulima payekha amadzuka usiku kukayang'ana mitambo. Palibe mlimi wanzeru amene angamuseke. Amene timamudera nkhawa ndi uja wogona tulo tofa nato chigafa chikudontha.

Nawo mantha a wosambira watsopano ali ndi maziko ake. Munthu akatsika mamita pafupifupi 10, mphamvu imene imakanikiza thupi lake imawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. N'chifukwa chake makutu amawawa ngati sawatsegula msanga potsina mphuno ndi kuuzira pang'ono. Pokwera zinthu zimatembenuka: mpweya umene uli m'mapapo umafufuma, ndipo wokwera atagwira mpweya akhoza kuvulaza mapapo ake. Lamulo loyamba la lusoli ndi lakuti munthu azipuma nthawi zonse, osagwira mpweya. Wokwera mothamanga amadziputiranso vuto lina, chifukwa mpweya wa nayitirojeni umene walowerera m'thupi umasanduka tithovu m'magazi ndi m'minofu. Choncho amaphunzitsidwa kukwera pang'onopang'ono ndi kuima mphindi 3 akafika pa mamita 5. Munthu amene wamva zonsezi n'kukhala wopanda nkhawa ngakhale pang'ono, ndiye kuti sanamvetse.

Choopsa chenicheni ndi mantha obisa. Wamantha amapuma mofulumira ndi mosakoka mpweya wokwanira. Mpweya woipa umachuluka m'thupi, iye amamva ngati akubanika, ndipo mantha amakulirakulira. Akafika pobalalika mutu amaiwala zonse zimene anaphunzira, amalavula chopumira n'kuthamangira pamwamba, kumene kuli kuchita zinthu ziwiri zoletsedwa zija nthawi imodzi. Aphunzitsi amalangiza kuti zikayamba kuvuta munthu aime, apume mofatsa, aganize, kenaka achitepo kanthu. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga wosambira watsopano achite chiyani? Choyamba, aulule. Auze woyang'anira ulendo ndi mnzake wolowa naye kuti aka n'koyamba chilandirireni chiphaso. Mawu ochepawa amachititsa kuti amusankhire malo osaya, ndipo amamuyang'anira mwapadera. Chachiwiri, asalumphe mwambo woyenderana zipangizo asanalowe m'madzi: aliyense aone lamba, zolemetsa, chovala choyandamitsa ndi mpweya wa mnzake. Silinda yodzaza imasonyeza pafupifupi 200 bar pa geji, ndipo munthu ayenera kukhala atatuluka isanatsike kupitirira 50 bar. Chachitatu, abwerezenso zizindikiro za manja, pakuti pansi pa madzi pakamwa sipagwira ntchito. Chala chachikulu choloza kumwamba sichitanthauza kuti zonse zili bwino. Chimatanthauza kuti tikwere. Ndipo pakati pa osambira pali pangano lakuti aliyense angathe kuthetsa ulendo nthawi iliyonse, pa chifukwa chilichonse, popanda womunyoza.

Palinso zina zoyenera kukumbukira. Wodwala chimfine asalowe, chifukwa makutu satseguka bwino. Mowa ndi madzi akuya siziyendera limodzi. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imavundula nyanja, choncho woyamba kumene adikire tsiku labata. Ngati papita miyezi 6 kapena kuposerapo asanalowenso m'madzi, apemphe mphunzitsi kuti amukumbutse pamalo osaya. Ife a kumtunda tili ndi chenjezo lathulathu: nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, pamene zigwa za Kasungu zili pa mamita oposa 1,000. Wotuluka m'madzi akuya asathamangire kukwera basi yobwerera kwawo tsiku lomwelo, pakuti kukwera mtunda msanga kumafanana ndi kupitiriza kukwera kuchoka pansi pa nyanja. Agone kunyanjako, ndipo afunse mphunzitsi wake za nthawi yoyenera kudikira.

Tsono wodekha amalandira mphotho yake. Kumwera kwa nyanja kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. M'miyala ya pa Otter Point ndi kuzungulira zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo mumakhala mbuna za mitundumitundu, zambiri mwa izo zosapezeka kwina kulikonse. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Alendo amawoloka nyanja zikuluzikulu kudzaona zimenezi. Nanga mwana wa m'dziko muno alekerenji?

Mawu otsiriza apite kwa ife makolo ndi achibale. Mwana akatiimbira foni n'kunena kuti akuopa, tisamuyankhe kuti mwamuna salira, kapena kumukumbutsa za ndalama zimene zinalowa pa maphunziro ake. Mawu oterowo ndi amene amaphunzitsa mwana kubisa mantha, ndipo tawona kumene mantha obisa amafikitsa munthu. Timufunse ngati wauza mnzake wolowa naye, ngati wayendera zipangizo zake, ndiponso ngati akudziwa kuti ali ndi ufulu wobwerera kumtunda. Akatiyankha kuti inde, timulimbikitse apite. Akatiuza kuti lero wabwerera, timuyamikire, pakuti nyanja idzakhalapo ndithu mawa.