Mtima Ukakula Mapapo Amapanikizika

Anthu ambiri akaona mbale wawo akuchita befu ndi kutsokomola usiku, amaganiza msanga za mphumu kapena chifuwa chachikulu. Koma nthawi zina gwero la vutoli silikhala m'mapapo ayi, limakhala mu mtima.

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati nkhonya yake, ndipo umakhala pakati pa mapapo awiri. Ukagwira ntchito yopyola muyeso kwa zaka zambiri, umafooka ndi kufutukuka. Zimene zimautopetsa chotere ndi monga kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwambiri kwa magazi, uchidakwa, ndi zilonda za pakhosi zimene sizinachizidwe paubwana. Dokotala akajambula pachifuwa, amati mtima wakula ngati m'lifupi mwake mwaposa theka la chifuwa chonse.

Mtima wotere umasautsa mapapo m'njira ziwiri. Poyamba umawalanda malo. Chifuwa n'chotchingidwa ndi nthiti, kotero mtima ukafutukuka, mapapo ndiwo amapanikizika, makamaka la kumanzere, ndipo salandira mpweya wokwanira.

Njira yachiwiri ndiyo yoopsa koposa. Magazi ochokera m'mapapo amalowa mbali ya kumanzere ya mtima kuti iwapope kupita m'thupi lonse. Mbali imeneyi ikafooka, magazi amaunjikana m'mitsempha ya m'mapapo monga madzi a mu ngalande yotsekeka. Kenaka madzi a m'magaziwo amadontha kulowa m'timatumba ta mpweya. Mapapo amalemera, ndipo kupuma kumasanduka ntchito ya kalavulagaga.

Poyamba wodwala amachita befu pokwera chitunda kapena polima. Pambuyo pake amalephera kugona chagada, chifukwa akagona, madzi amene anali m'miyendo amabwerera kuchifuwa. Amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika, napeza bwino akakhala tsonga. Mapazi nawonso amatupa.

Munthu wa zizindikiro izi apite kuchipatala msanga. Kumeneko amapereka mankhwala okodzetsa amene amachotsa madziwo, ndi ena opeputsa ntchito ya mtima. Wodwala awamwe monga anamuuzira ngakhale atayamba kupeza bwino, pakuti akawaleka madzi amabwereranso. Achepetse mchere m'ndiwo, aleke mowa ndi fodya, ndipo pogona atsamire pokwera. Akayamba kubanika atangokhala, kapena kulavula makhololo a thovu, abale asadikire kuti kuche; amutengere kuchipatala nthawi yomweyo.