MFUTI IMODZI YOKWANIRA MLIMI

Mlimi amene nguluwe zimamdyera cimanga amaganiza za mfuti, koma ndi ocepa angathe kugula mfuti ziwiri kapena zitatu. Cifukwa cace afunika kusankha imodzi yogwira nchito zambiri.

Coyamba ndi cilolezo. Munthu asagule mfuti asanapite ku Polisi kukapempha laisensi. Laisensi ya mfuti siimpatsa ufulu wopha nyama. Yosakira nyama imacokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016.

Caciwiri ndi kukula kwa cipolopolo. Mfuti ya .22 ndi ya akalulu ndi nkhanga basi. Pa nguluwe imangolasa, nyama nkukafera kutali. Ya .375 H&H ndi ya njati, ndipo zipolopolo zace nza mtengo wapatali. Pakati pa izi pali .30-06, imene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa nchito mu 1906, ndi .308 Winchester ya mu 1952. Zonse ziwiri zimagwetsa nguluwe, njiri, nswala ndi ngoma. Musanapereke ndalama, funsani ngati zipolopolo zace zipezeka m'sitolo imene mungafikeko, pakuti mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo cabe.

Mfuti yogwirapo kale nchito, monga ya Brno, siinyozeka ngati inasungidwa bwino. Icotseni zipolopolo, muloze mpope wace kowala ndi kusuzumira kucokera kumbuyo. Mizere ya m'kati ikhale yooneka bwino. Ngati muli dzimbiri ndi timaenje, isiyeni.

Tsono tinene za cokhethemulira, kacitsulo kaja kamene cala cimakoka. Mfuti zambiri zochipa zimabvuta pamenepa. Cokhethemulira cikalimba, munthu amakoka ndi mphamvu, mpope umagwedezeka, cipolopolo nkupita padera. Mungaciyese pakhomo. Onetsetsani kawiri kuti mfuti iribe cipolopolo, icheni, muiimike mpope kumwamba. Mangani cingwe pa cokhethemulira, mupacikepo cigubu copepuka, ndi kuthiramo madzi pang'ono pang'ono kufikira citakhethemuka. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pa mfuti yosakira, kilogalamu imodzi ndi theka kufikira awiri ndi muyeso wabwino.

Cikapitirira pamenepo, yambani ndi kutsuka. Kawirikawiri colakwa ndi fumbi losakanizika ndi mafuta akale. Mukatsuka, musathirenso mafuta ambiri.

Cikalimbabe, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti. Musapale ndi tupa kapena kudula sipuling'i. M'katimo muli tizitsulo tiwiri togwirana m'mphepete pang'ono pokha, ndipo ndito tiletsa mfuti kulira. Mukatipala, mfuti ingalire yokha mutapunthwa pa citsa, mwana ali patsogolo panu. Ngakhale opanga mfuti amalakwa pamenepa: mu 2014 kampani ya Remington inaitanitsa mfuti zace zina za Model 700 cifukwa zinatha kulira popanda wozikhethemula.

Mmisiri akatha nchito, yesani ali pomwepo. Mfuti iri yocha koma yopanda cipolopolo, gunditsani thako lace pansi pang'ono, ndipo tsekani ndi kutsegula loko wace kangapo. Ikakhethemuka yokha, musaitenge kumudzi kufikira ataikonzanso.